Thabwa Limene Linapha a Jailosi

Ana anga, za ubwana wanga ku Dowa ndinakuuzani kale pakamwa, ndipo mulibe zambiri zoti n'kulemba. Pano ndikufuna kulemba za zaka zimene ndinagwira ntchito yomanga ku Lilongwe, makamaka nkhani ya a Mateyu Chimwaza. Mayi anu ankaidziwa yonse. Inu munangomva mbali yabwino yokha, yoti bambo anu anakaima m'khoti n'kupulumutsa munthu. Mbali inayo ndi imene ndikulembayi.

Chaka choyamba ku Lilongwe

Ndinafika kuno ndili ndi bokosi la zipangizo ndi kalata ya kusukulu ya ukalipentala ya ku mishoni. Boma linali litalengeza kuti likulu la dziko lichoka ku Zomba, ndipo aliyense wodziwa kugwira sowo kapena kuyala njerwa ankathamangira ku Lilongwe. Tawuni yeniyeni inali yaing'ono: msika, masitolo a amwenye ku Area 2, mlatho wa pamtsinje ndi maofesi angapo kutsidya. Ndinapeza kachipinda ku Kawale. M'mawa uliwonse lole ya kampani inkatitenga pafupi ndi msika kupita nafe kutchire kumene lero mumati City Centre. Kunali tsekera, zitsa ndi misewu yongopalidwa kumene, ndipo pofika kumeneko tonse tinkakhala tili psuu ndi fumbi.

Kampaniyo sindiitchula dzina, inatha kale. Woyang'anira ntchito anali mzungu wochokera kumwera amene tinkamutcha Bwana Wotchi, chifukwa sankalankhula ndi munthu osayang'ana padzanja. Sanali wankhanza ngati ena amene ndinawaona. Mantha ake anali amodzi, kuchedwa. Nayenso anali ndi mabwana ake amene ankamukalipira pa telefoni, ndipo akamukalipira iye, ife tinkadziwira pa mayendedwe ake.

Ntchito yanga inali yokhoma zikombole za matabwa zothiramo konkire. Amene anandiphunzitsa ntchito yapamwamba anali a Mateyu, kalipentala wa ku Nathenje, wondiposa zaka khumi, wamfupi, wosachedwa kupsa mtima koma wosasunga mangawa. Sukulu sanapite nayo patali, koma ankayeza thabwa ndi maso n'kulidula ndendende.

Tsiku lina pa nthawi ya nkhomaliro panabuka mkangano wa zinthu zogwa kuchokera pamwamba. Onse ankati cholemera ndicho chimafika pansi msanga. Ine ndinawafotokozera zimene tinaona kusukulu. Mphunzitsi wathu wa masamu anakwera pa thanki ya madzi n'kugwetsa hamala yaikulu ndi kabawuti kakang'ono nthawi imodzi, ndipo zinagunda pansi limodzi. Kenako anagwetsa mapepala awiri ofanana, lina lotambasula, lina lofinyidwa m'manja. Lofinyidwa linagwa msanga, lotambasula linatsika likuyendayenda. Anatiuza kuti dziko limathamangitsa zinthu zonse mofanana pozikokera pansi, koma mpweya umatchinga, ndipo umatchinga kwambiri chinthu chotambalala. Anawonjezera kuti zinthu ziwiri zikafanana kukula ndi maonekedwe, cholemera chimaboola mpweya mosavuta, chopepuka mpweya umachichedwetsa n'kuchitengera kumbali. A Mateyu anaseka kwambiri. Anati azungu a ku mishoni anandidyera fizi yanga, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankanditcha a Mpweya.

Chaka chachitatu, nyengo ya chilimwe

Anandikweza kukhala kapitawo wa makalipentala, kudumpha a Mateyu, chifukwa ndinkatha kuwerenga pulani. Iwo sanadandaule pamaso panga. Tinali tikumanga nyumba ya maofesi ya nsanjika zinayi, ndipo tinali titatsalira m'mbuyo. Zipangizo zinkasowa. Simenti ikabwera, misomali kulibe. Misomali ikabwera, waya kulibe. Tinkazula misomali yakale n'kumaiwongola pamwala. Lamulo linali lakuti matabwa onse oikidwa pamwamba amangidwe ndi waya kapena chingwe, koma waya wochepa amene analipo ankapita kwa omanga zitsulo.

Sabata imeneyo kunabwera mapulayiwudi atsopano, matabwa aja opyapyala, aakulu kuposa chitseko. Bwana Wotchi analamula kuti akwezedwe onse pansanjika yachinayi kuti lole ibwerere msanga. Ndinamuuza kuti tilibe chomangira. Anayang'ana wotchi n'kunena kuti tiwapsinje ndi njerwa. Ndinapsinja ndi njerwa zinayi. Ndinkadziwa kuti ndi mwezi wa Okutobala, mwezi wa akamvuluvulu, komabe ndinatsika osanenanso kanthu.

Pansi pankagwira ntchito a Jailosi, wokankha wilibala ya konkire. Mudzi wa kwawo unali umodzi mwa midzi imene inasamutsidwa kuti mzinda umangidwe, ndipo ankakonda kutilozera pamene panali munda wa mayi awo, chakumene tinkaunjikako mchenga. M'mawa wa tsiku la ngozi iwo ndi a Mateyu anakangana. A Jailosi anali atatenga thabwa limene a Mateyu anali atadula kale, n'kuliyala pansi kuti wilibala idutsepo. A Mateyu anatukwana, ndipo anthu ambiri anawamva akunena kuti, "Tsiku lina ndidzakuphwanya mutu." Mawu otero ankamveka pantchitopo tsiku lililonse, palibe amene anawasamala.

Cha m'ma thu koloko ndinali pansanjika yachinayi, mbali ina, ndikuyeza mzati. A Mateyu anali m'mphepete, pafupi ndi mulu wa mapulayiwudi, atachotsa njerwa ziwiri kuti atengepo limodzi. Kamvuluvulu anabwera kuchokera chaku Capital Hill atanyamula fumbi ndi mapepala a simenti. Ndinatembenuka ndipo ndinaona zonse. Thabwa lapamwamba linatukuka lokha, linamenya dzanja la a Mateyu, hamala yawo n'kupulumuka, ndipo ziwirizi zinachoka m'mphepetemo nthawi imodzi. A Mateyu anakuwa kuti anthu athawe. Hamala inagwa molunjika n'kugunda pa mgolo wopanda kanthu umene unali m'munsi mwa khoma. A Jailosi atamva kugundako anasiya wilibala n'kuthawira kutali ndi nyumba, monga aliyense akanachitira. Koma thabwa lija linali likadali m'mwamba. Linatsika chogona, likupendekera uku ndi uku, kenako linapendeka n'kutsetsereka chammbali ngati mpeni. Linawapeza a Jailosi mapazi oposa makumi atatu kuchokera pakhoma, n'kuwamenya pakhosi. Anamwalira tisanafike nawo kuchipatala.

Masiku atatu otsatira

Apolisi anabwera mawa lake. Anthu a pansi ananena zimene anamva: hamala inayamba kugwa, thabwa linabwera pambuyo. Ananenanso za mkangano wa m'mawa uja. Sajeni wa polisi analumikiza nkhani yake mosavuta. Anati a Mateyu anayamba kuponya hamala, ataphonya anaponya thabwa. Anati chinthu chogwa chokha chimagwera m'munsi mwa khoma, sichingalumphe mapazi makumi atatu pokhapokha munthu atachikankha.

Madzulo ake, tisanakwere lole, Bwana Wotchi anandiitanira mu ofesi yake ya malata. Sanandiopseze. Anangondifunsa kuti amene anayenera kumanga matabwa aja anali ndani. Ndinati ndine, koma iye ndi amene anati tiike njerwa. Anandifunsa ngati zimenezo zinalembedwa penapake. Kenako ananena kuti ntchitoyi ndi ya boma, ndipo munthu wonena kuti likulu likumangidwa mosasamala amafunsidwa mafunso ndi anthu ena, osati apolisi wamba. Inu amene munabadwa pambuyo simungamvetse kulemera kwa mawu amenewo. Masiku amenewo munthu ankatha kutengedwa pantchito masana, abale ake osamuonanso zaka.

Tsiku lachitatu sajeni anafuna kuona ndi maso ake mmene thabwa limagwera. Bwana Wotchi ndiye anasankha thabwa loyesera. Anatenga pulayiwudi yakale imene tinali titathirirapo konkire kambirimbiri, yokakamira simenti mbali zonse, yokhomedwa mitanda kumbuyo. Kukula kwake kunali chimodzimodzi ndi ija inapha munthu, koma kulemera kwake anthu awiri ankainyamula movutika. Unali m'mawa, kunja kuli zii, kopanda mphepo. Anaikankha choimika. Inagwa ngati mwala, n'kusweka pafupi ndi khoma. Sajeni anayeza ndi tepi n'kulemba m'buku lake.

Kenako anatembenukira kwa ine. "A kapitawo, inu munali pamwamba. Munaona chiyani?"

Ndinayankha kuti fumbi linandilowa m'maso, sindinaone kanthu.

A Mateyu anali ataima pambali pa galimoto ya polisi, unyolo uli m'manja. Anangondiyang'ana, kenako anayang'ana pansi.

Miyezi khumi ndi inayi

Anawatsekera pa rimandi pa mlandu wakupha. Nthawi imeneyo mlandu wotero unkatha ndi chingwe. Ine ndinapitiriza ntchito. Waya anapezeka sabata yomweyo, ndipo matabwa onse ankamangidwa bwinobwino. Nyumba ija tinaimaliza, tinayamba ina, kenako anatitumiza kukakhoma madenga a nyumba za akuluakulu a boma ku Area 10. Ndinakwatira mayi anu, tinasamukira m'nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo iwe Grace unabadwa.

Sindinganame kuti ndinkavutika mumtima tsiku lililonse. Masiku ambiri ndinkaiwala. Ndinkadziuza kuti khoti lili ndi anthu ophunzira, aona okha kuti mayeso aja anali achinyengo. Ndinkadziuzanso kuti a Mateyu ndi amene anachotsa njerwa ziwiri zija. Munthu akafuna kugona tulo amapeza zifukwa zambiri.

Loweruka lina ndinakumana ndi akazi awo a Mateyu, mayi Nabanda, kumsika wa ku Area 2. Anali atachoka ku Nathenje kudzaona amuna awo, atanyamula kamtanga ka mbatata zophika. Ndinafuna kukhota koma anali atandiona kale. Anandipatsa moni mwaulemu, mpaka kugwada pang'ono. Anati a Mateyu akutsokomola kwambiri ndipo aonda. Anatinso amawauza kawirikawiri kuti a kapitawo anawafotokozerapo za mpweya ndi zinthu zogwa, iwo n'kuseka, ndipo tsopano akakhala m'chitokosi amangoganiza zomwezo. Mayiwo sankadziwa tanthauzo la uthengawo. Anaupereka monga anaulandirira, n'kutsanzika.

Nditafika kunyumba ndinawauza mayi anu zonse, koyamba. Anali akuchapa matewera. Sanasiye kuchapako mpaka nditamaliza. Kenako anandifunsa ngati a Mateyu ali ndi ana. Ndinati asanu. Anati, "Ndiye mukufuna ine ndinene chiyani? Mukudziwa kale." Ndinawauza kuti ntchito itha, mwinanso anditenga. Anati ngati anditenga iwo abwerera kwawo ku Mponela ndi mwana, kumeneko chimanga chimamera. Koma kukhala ndi mwamuna amene mnzake anapachikidwa iye akudziwa zoona, zimenezo anati sangathe.

Ngakhale zinali choncho, ndinatha masabata ena atatu ndisanapite kwa loya wa boma amene ankaimira a Mateyu.

Mlandu

Loyayo anali wachinyamata, wongobwera kumene kuchokera ku Blantyre, ndipo anali ndi milandu yambiri kuposa nthawi yake. Poyamba sanamvetse. Nayenso ankakhulupirira kuti cholemera chimagwa msanga, ndipo anandifunsa kuti ngati zili choncho, hamala yaing'ono ikanafika bwanji pansi thabwa lalikulu lisanafike, zikanakhala kuti zinachoka limodzi. Ndinatenga mapepala awiri patebulo lake, limodzi ndinalifinya, n'kuwagwetsa onse. Kenako ndinatenga buku lake ndi pepala lofanana nalo kukula, n'kugwetsanso. Ataona zimenezo anatenga cholembera.

M'khoti ndinanena zonse. Ndinanena za waya, za njerwa zinayi, za kamvuluvulu, ndi zoti ndinanama kwa sajeni. Woimira boma pa mlanduwo anandifunsa kuti khoti likhulupirire liti, bodza langa loyamba kapena lachiwiri. Ndinayankha kuti lisakhulupirire ine, likaone lokha. Woweruza anavomera kuti mayeso abwerezedwe, ndipo khoti lonse linapita ku City Centre, pa nyumba ina imene inali isanathe.

Anakweza matabwa awiri ofanana kukula, lakale lokakamira simenti ndi latsopano. Anthu onse anawaimika kutali. Kunali kamphepo pang'ono chabe. Wapolisi anakankha lakale, linagwera m'munsi mwa khoma. Kenako anagwetsa latsopano limodzi ndi hamala. Hamala inagunda pansi thabwa likadali chapakati. Linayandama, linapendeka, n'kukagwera kutali, pafupi ndi pamene panaima galimoto ya woweruza. Anabwereza katatu. Ulendo uliwonse linkagwera malo ena, koma silinagwerepo m'munsi mwa khoma. Ndinaona mchimwene wawo wa a Jailosi, amene ankabwera ku khoti tsiku lililonse, atagwira pakamwa. Kwa chaka chathunthu banja lawo linkadziwa kuti m'bale wawo anaphedwa ndi munthu, ndipo tsopano analibenso womukwiyira woti n'kumuloza chala, kupatula ine.

A Mateyu anamasulidwa. Kampani sinaimbidwe mlandu uliwonse. Bwana Wotchi anali atabwerera kale kwawo mlandu usanayambe. Ine anandichotsa ntchito sabata yomweyo, ndipo makampani ena onse omanga ankati malo adzaza ndikangotchula dzina langa. Anthu awiri ovala masuti anabwera kunyumba kawiri kudzandifunsa ngati ndili ndi khadi la chipani ndiponso amene anandituma kunyoza ntchito ya boma. Anandisunga masiku anayi ku polisi, kenako anandisiya. Ndinayamba kukhoma mipando ndi zitseko pansi pa mtengo ku Mchesi, ndipo ntchito imeneyo ndi imene inakulerani nonsenu.

Chaka chimene likulu linasamuka

A Mateyu anatuluka ndi chifuwa chachikulu. Ndinapita kukawaona ku Nathenje kamodzi kokha. Ndinawapeza atakhala pamkeka pakhonde, atafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo. Manja aja amene ankanyamula mtanda okha anali ngati timitengo. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'njira, koma nditakhala pansi ndinangoti ndabwera kudzapepesa. Anandifunsa za ntchito, za mtengo wa matabwa, za anzathu ena. Pamene ndinkatsanzika anandigwira dzanja.

"Kodi tsiku lija, fumbi linakulowanidi m'maso?"

Ndinati ayi.

"Ndinkadziwa," anatero. "Ndinkangofuna ndimve kwa inu. Muyende bwino."

Chaka chimenecho mzinda unadzaza malole onyamula mafayilo ndi mipando kuchokera ku Zomba. Ogwira ntchito m'boma ankakwera mabasi m'mawa kupita ku Capital Hill, ndipo ena ankalowa m'nyumba ija ya nsanjika zinayi. Pamene anagwera a Jailosi anali atadzalapo maluwa ndi kuikapo malo oimika magalimoto.

Mwezi wa Juni, kukuzizira, mayi Nabanda anatumiza mlongo wawo ku Mchesi. Anandipeza ndikupala thabwa la tebulo. Anati a Mateyu atisiya m'bandakucha, ndipo asanamwalire ananena kuti bokosi lawo lisagulidwe kwina, akhome a kapitawo. Ndinamufunsa ngati ananenanso china. Anati ayi, mawu awo anali omwewo.

Mpaka lero sindidziwa ngati kumeneko kunali kundikhululukira kapena kundipatsa ntchito yoti ndimalize zimene ndinayamba. Ndinasiya tebulo lija, ndinasankha matabwa a mlombwa amene ndinkasungira kasitomala wina, ndipo ndinakhoma tsiku lonse. Muyeso sindinafunse, msinkhu wawo ndinkaudziwa. Mawa lake tinakweza bokosilo pa lole ya fodya yopita ku Nathenje, ine nditakhala pambali pake kuligwirira kuti lisagubuduke.

Kumanda adzukulu atalinyamula, mmodzi ananena chapansipansi kuti bokosi likulemera kuposa mwini wake. Mayi Nabanda anandithokoza pamaso pa anthu, ndipo mkulu wa mpingo ananditchula kuti ndine mnzawo wokhulupirika wa malemu amene anawatulutsa m'ndende. Anthu anang'ung'udza movomereza. Ine ndinali nditakhala kumbuyo, pa mulu wa dothi, ndipo sindinaimirire kuti ndiwakonze.